Ukatswiri wa anamwino ulipo, chikusowa ndi mpando wake

Kwathu kuno aliyense wovala zoyera kuchipatala tinamutcha kale dzina. Akakhala mwamuna ndi "adokotala", akakhala mkazi ndi "anesi". Ngakhale mwamunayo akhale namwino, mkaziyo akhale dokotala wa opaleshoni, pakamwa pathu tinagawa kale. Si chipongwe ayi, ndi chizolowezi chabe. Koma chizolowezichi chimatibisira kanthu kena: anthu amene timawaunjika m'dzina limodzi loti "anesi" sagwira ntchito imodzi. Pali amene wakhala zaka zambiri pakati pa ana obadwa masiku osakwana, moti akangoyang'ana pachifuwa cha khanda amadziwa kuti layamba kubanika. Pali amene odwala ake ndi a matenda a maganizo. Wina amayeza khansa ya khomo la chiberekero, wina amayambitsa anthu ma ARV, wina amafika ndi botolo la mofini pakhomo pa munthu amene matenda ake sadzachira. Ntchito zapaderazi anamwino athu anayamba kalekale kuzigwira. Chimene chatsalira m'mbuyo ndi dongosolo la boma lowazindikira, kuwalipira, ndi kuwasiya pamalo amene anaphunzirira.

Namwino wa m'Malawi amaphunzira pang'ono pa chilichonse. Ambiri amatenga dipuloma ya zaka zitatu ya unamwino ndi uzamba m'makoleji a mishoni a pansi pa CHAM, monga Nkhoma, Malamulo, Ekwendeni, Mulanje Mission, Holy Family ku Phalombe ndi St Joseph's ku Nguludi, kapena ku Malawi College of Health Sciences. Ena amatenga digiri ya zaka zinayi. Kamuzu College of Nursing inatsegulidwa mu 1979, ndipo mu 2021 inaphatikizana ndi College of Medicine n'kukhala Kamuzu University of Health Sciences. Onsewa asanagwire wodwala amalembetsa ku Nurses and Midwives Council of Malawi, bungwe limene lilipo kuyambira 1966. Maphunziro okhudza chilichonsewa ali ndi chifukwa chake. Namwino akatumizidwa kuchipatala chaching'ono cha kumudzi, m'mawa amapangitsa sikelo, masana amatsuka bala la munthu amene wadzitema ndi chikwanje, usiku amachiritsa mayi. Kumeneko sangati "izi si zanga". Tisaiwalenso kuti dziko lino linayamba kuphunzitsa lokha madokotala mu 1991. Zaka zonse za m'mbuyomo madokotala ochepa amene tinali nawo ankaphunzira kunja, ndipo zipatala zinkayenda ndi anamwino, azamba, ma medical assistant ndi ma clinical officer.

Tikamati namwino katswiri tikunena munthu amene anadutsa kale m'maphunziro amenewa, nagwira ntchito, kenako n'kubwerera kusukulu kukazama pa gawo limodzi. Akabwerako amakhala ndi luso lowonjezera, ndipo m'mayiko ena amapatsidwanso chilolezo chochita zimene kale ankachita dokotala yekha: kupima wodwala, kunena matenda, kulemba mankhwala. Zimenezi sizinayambire m'mayiko osauka monga ena amaganizira. Mu 1965 ku Colorado m'dziko la America, namwino Loretta Ford ndi dokotala wa ana Henry Silver anayambitsa maphunziro oti anamwino azitha kupima ndi kuthandiza ana pawokha, chifukwa mabanja a kumidzi ya kumeneko ankasowa dokotala. Ku Britain, kumene unamwino wamakono unayambira ndi sukulu ya Florence Nightingale ya mu 1860, anadikira mpaka 2006 kuti alole anamwino ophunzira mwapadera kulemba pafupifupi mankhwala alionse okhudza gawo lawo. Kulikonseko panali kukangana. Madokotala ena ankati akulandidwa ntchito, anamwino ena ankati anzawo akuthawa unamwino n'kumadziyesa madokotala. Mkanganowo sunatheretu, koma ntchitoyo inapitirira chifukwa cha mizere ya odwala imene sinkafupika.

Ifeyo chimene chinatikankha ndi Edzi. Boma litayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004, zinaonekeratu kuti tikadikira dokotala kuti aone munthu aliyense, ambiri adzafera pamzere. Nthawi yomweyo anamwino a digiri ankachoka mwaunyinji kupita ku Britain, mpaka boma ndi mabungwe othandiza anawonjezera malipiro a ogwira ntchito zaumoyo ndi 52 peresenti pofuna kuti otsalawo asachokenso. Choncho ntchito ya ma ARV anaiphweketsa: mankhwala a mtundu umodzi kwa pafupifupi onse, kaundula mmodzi, khadi limodzi, maphunziro a masiku owerengeka. Pang'onopang'ono anamwino analoledwa kuyambitsa anthu mankhwala ndi kuwatsatira.

Chinthu chachikulu chinachitika mu 2011. Malawi anaganiza kuti mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene wapezeka ndi kachilombo aziyamba ma ARV pompopompo ndi kumwa moyo wake wonse, osadikira kuyezedwa chitetezo cha m'thupi, popeza makina oyezera CD4 anali m'zipatala zochepa. Njirayi, yotchedwa Option B+, inayambira kuno, ndipo pambuyo pake bungwe la WHO linailimbikitsa m'mayiko ena. Papepala inali mfundo ya akuluakulu ku Lilongwe. Koma amene anaisenza ndi mzamba wa kusikelo, amene tsopano ankayenera kuuza mayi zotsatira, kumukhazika mtima pansi, kumufotokozera za piritsi limodzi la 5A lomwa usiku uliwonse, kulingalira naye za momwe akawauzire bambo kunyumba, ndi kudzamuyeza mwana akabadwa. Lero anthu oposa 800,000 akumwa ma ARV m'dziko muno, ndipo ambiri a iwo sanaonanepo ndi dokotala pa nkhani ya mankhwalawa. Ngati umenewu si ukatswiri, ndiye ukatswiri n'chiyani?

Kumene ine ndimaona bwino phindu la namwino wozama pa gawo limodzi ndi kuwodi ya ana. Kale m'zipatala zambiri mwana ankaonedwa molingana ndi amene wayamba kufika. Mayi wobwera mochedwa ndi mwana wokomoka ankakhala kumapeto kwa benchi, kudikira anzake a chimfine athe. Ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, gulu la Pulofesa Elizabeth Molyneux linasintha zimenezi cha m'ma 2001. Namwino wophunzitsidwa ankalandira ana pakhomo pomwe, n'kuyang'ana zizindikiro zochepa: kodi akupuma bwino, manja azizira, akukomoka, maso alowa m'kati chifukwa chotsekula m'mimba? Mwana wa zizindikiro zoopsa ankadumpha mzere wonse. Imfa za ana ogonekedwa, zimene zinkakhala pakati pa 10 ndi 18 mwa ana 100 alionse, zinatsika kufika pakati pa 6 ndi 8. Panalibe mankhwala atsopano odabwitsa amene anabwera. Chachikulu chimene chinasintha ndi diso la munthu woima pakhomo, ndi dongosolo lomumvera akati mwana uyu asadikire. Njirayi, imene imadziwika kuti ETAT, ikuphunzitsidwa lero m'mayiko ambiri.

Za makanda ndiye zimafuna kudekha koposa. Khanda lobadwa masiku osakwana limafa ndi zinthu zooneka ngati zazing'ono: kuzizidwa, kuchepa kwa shuga m'thupi, kulephera kuyamwa, kuleka kupuma kwa kamphindi. Njira ya kangaru, yoika khanda pachifuwa cha mayi khungu kukhudzana ndi khungu n'kulimanga ndi chitenje, inayamba ku Bogotá m'dziko la Colombia mu 1978, ndipo kuno inayambira pa Zomba Central Hospital mu 1999. Ikamafotokozedwa imamveka yosavuta, mwina agogo ena anganene kuti kubereka mwana tinayamba kale. Koma pamafunika munthu woyeza kulemera kwa khanda tsiku ndi tsiku, wowerengera mkaka wofinya umene liyenera kumwa pa maola awiri kapena atatu alionse, wodziwa kulowetsa kapaipi kodyetsera kudzera m'mphuno osakalakwitsira kumapapo, ndiponso woleza mtima ndi mayi amene watopa ndipo akufuna kupita kwawo kukaona ana ena.

Kenako kunabwera makina othandiza makanda kupuma otchedwa Pumani, amene anapangidwa mogwirizana pakati pa Rice University ya ku America ndi madokotala ndi anamwino a ku Queens. Pamene ankayesedwa kuwodi ya makanda ya Chatinkha, makanda ovutika kupuma amene anapulumuka anali 71 mwa 100 pa makinawo, poyerekeza ndi 44 mwa 100 pa okosijeni wamba. Ziwerengerozi zimasangalatsa, koma makinawo sadziyendetsa okha. Timapaipi ta m'mphuno timasuntha, mamina amatseka njira, madzi a m'botolo amachepa, mimba ya khanda imadzaza mpweya. Pamafunika namwino wobwerabwera pa kabedi kameneko usiku wonse, wodziwa chimene akuyang'ana. Luso lotere silibwera ndi maphunziro a sabata imodzi ku hotelo ya kunyanja. Limabwera ndi miyezi yambiri ya kugwira makanda, woyamba mwamantha, wachikhumi mosamala, wa zana limodzi manja akudziwa okha.

Apa ndi pamene pali vuto limene landichititsa kulemba ndemanga ino. M'zipatala zambiri muli mwambo wa kasinthasintha: pakapita nthawi, anamwino amasunthidwa kuchoka wodi ina kupita ina. Cholinga chake si choipa. Akuluakulu amafuna kuti aliyense azidziwa ntchito zonse, kuti wina akadwala kapena akapita kutchuthi pasasowe wolowa m'malo, komanso kuti mawodi olemetsa asamangogwera anthu omwewo. Koma zotsatira zake n'zakuti namwino amene wangofika podziwa makanda amapezeka ali kuwodi ya abambo othyoka miyendo, ndipo kwa makanda kwabwera wina woyamba kumene. Kuli ngati kuphunzitsa munthu kuumba mbiya, ndiye mbiya zake zitayamba kulimba n'kumutumiza kukasoka mphasa. Ndalama za maphunziro zapita, makina alipo, koma manja odziwa achoka.

Chifukwa chenicheni n'chakuti m'kaundula wa maudindo a boma namwino nthawi zambiri amangolembedwa kuti namwino, pa giredi yakutiyakuti. Kaundulayo sasiyanitsa kwenikweni wa makanda ndi wa odwala mwakayakaya. Munthu akapita kukachita digiri yachiwiri ya unamwino wa ana kapena uzamba, pobwera sapeza mpando wolembedwa dzina la zimene waphunzira. Njira yokwerera imene imaonekera ndi imodzi: kukhala woyang'anira wodi, kenako metironi, kenako ofesi. Ndiye kuti katswiri akamakwera ndi pamene akutalikira bedi la wodwala, n'kumathera tsiku pa misonkhano, malipoti ndi ndandanda wa mashifiti. Ena amapita kukaphunzitsa kukoleji, ena amatengedwa ndi mabungwe omwe si aboma kapena a kafukufuku, ena amakwera ndege. Sindikuwadzudzula. Nawonso ali ndi ana ofuna fizi ndi makolo kumudzi ofuna feteleza. Koma dongosolo limene limauza munthu waluso kuti akafuna malipiro abwino asiye odwala ndi dongosolo lodzibaya lokha.

Magawo ena akufanana ndi zimenezi. Madokotala a matenda a maganizo m'dziko muno ndi owerengeka, ndipo chipatala cha boma chachikulu cha matendawa ndi cha ku Zomba chokha, kuphatikizapo thandizo la a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. M'maboma ambiri munthu wodwala maganizo kapena khunyu amathandizidwa ndi namwino wophunzira za matendawa, amene amayenera kuyendera zipatala zing'onozing'ono galimoto ndi mafuta zikapezeka. Namwino yemweyo akamuika pa shifiti ya usiku kuwodi ina chifukwa chosowa anthu, tsiku la kiliniki yake limafa, ndipo wodwala amene wayenda mtunda wautali amabwerera wopanda mankhwala. Khansa ya khomo la chiberekero, imene Malawi ali m'gulu la mayiko ovutika nayo kwambiri pa dziko lonse, imayezedwa ndi viniga ndi diso la mzamba wophunzitsidwa. Akaona banga loyera atha kuliwotcha tsiku lomwelo, njira imene chipatala cha Nkhoma chinathandiza kufalitsa. Chipatala cha ana cha Mercy James, chimene chinatsegulidwa ku Blantyre mu 2017 chili ndi chipinda cha ana odwala mwakayakaya, chinafunika anamwino a luso limene kale silinkaphunzitsidwa kwenikweni kuno.

Palinso gawo limene anthu sakonda kulikamba, la odwala amene sadzachira. Kale munthu akauzidwa kuti "pitani mukayesere kunyumba" ndiye kuti achipatala asamba m'manja, ululu wonse wagwera gadiyani. Ku Uganda anasintha lamulo mu 2004 kuti anamwino ophunzitsidwa mwapadera azitha kulemba mofini, chifukwa anaona kuti dokotala sadzafika pakhomo pa wodwala khansa wa kumudzi. Kuno ntchito yochepetsa ululu inakula kudzera m'malo ngati Tiyanjane ndi Umodzi ku Queens, ndi Ndi Moyo ku Salima, malo amene anayambitsidwa ndi namwino, mayi Lucy Finch. Namwino wa gawo limeneli amadziwa kukweza mlingo wa mofini pang'onopang'ono, kusamalira bala lonunkha, ndi kukhala pansi ndi banja kukamba zoona popanda kuwaphwanya mtima. Aliyense amene anagonapo pamkeka pafupi ndi mbale wake wobuula usiku wonse sangafunse ngati ntchitoyi ili yofunika.

Tsopano pali mawu otsutsa amene sindingawanyalanyaze, chifukwa ali ndi nzeru. Wina angati: m'wodi momwe namwino mmodzi akuyang'anira odwala makumi angapo usiku, mpaka magadiyani ndi amene akusambitsa, kudyetsa ndi kuitana dripi ikatha, tingayambe bwanji kupatula anthu kuti uyu ndi wa makanda okha? Kodi sitidzakhala ndi akatswiri m'zipatala zazikulu zinayi za Blantyre, Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu pamene kumudzi kulibe ndi mmodzi yemwe wochiritsa mayi? Mantha amenewa ndi oona. Anthu ambiri a dziko lino amakhala kumudzi, ndipo chimene chachepetsa imfa za amayi, kuchoka pa 984 mwa amayi 100,000 obereka mu 2004 kufika pa 439 mu 2015 ndi 2016, mwa zina ndi chakuti amayi oposa 90 mwa 100 anayamba kuchirira kuchipatala, m'manja mwa azamba wamba. Msana wa zaumoyo ukhalabe namwino wodziwa pang'ono pa chilichonse.

Koma kusowa kwa anamwino m'mawodi sikuchokera kwa akatswiri. Zaka zapitazi takhala tikumva bungwe la anamwino ndi azamba la NONM likudandaula kuti ambiri omaliza maphunziro akungokhala pakhomo osalembedwa ntchito, pamene anzawo m'zipatala akugwira lokamu mpaka miyendo kutupa. Kumeneko vuto ndi ndalama zolembera anthu. Ndipo katswiri woikidwa bwino sachotsa manja m'wodi, amawachulukitsa. Namwino mmodzi wozama pa za makanda pachipatala cha boma, akasiyidwa pamalo ake zaka zisanu, amaphunzitsa aliyense wodutsa m'wodimo, amayankha foni ya mzamba wa kuchipatala chaching'ono amene wasowa chochita pakati pa usiku, amaona msanga makina akayamba kuvuta, ndipo amakumbukira chimene chinalakwika chaka chatha kuti chisabwerezedwe. Sitikufunika akatswiri mazanamazana pachipatala chilichonse. Owerengeka okhazikika aposa ambiri ongodutsa.

Chenjezo lina ndi la mbali inayo. Mawu oti "kugawana ntchito" amakoma m'misonkhano, koma nthawi zina amangotanthauza kuunjikira namwino ntchito ya dokotala popanda kumuwonjezera maphunziro, malipiro kapena chitetezo cha lamulo. Zinthu zikayenda bwino palibe amene amamutchula. Zikalakwika amafunsidwa kuti anakupatsa chilolezo ndani. Ndiye chifukwa chake khonsolo ya anamwino iyenera kulemba momveka kuti namwino wa gawo lakuti aloledwa kuchita izi, apa ndiye malire ake, apa atumize kwa dokotala. Zimenezi zimateteza namwino, komanso zimateteza inu ndi ine pa tsiku limene tidzagone pabedi lija. Tisaganizenso kuti ntchito iliyonse yapadera iyenera kupita kwa namwino. Kuno kwathu kugonetsa odwala kufiyeta ndi kukonza mafupa othyoka kwakhala kwambiri m'manja mwa ma clinical officer, ndipo palibe chifukwa cholimbirana.

Zofunika kuchita si zachilendo, ndipo zina sizilira ndalama zambiri. Unduna wa Zaumoyo ndi nthambi yoona za ogwira ntchito m'boma akhazikitse maudindo okhala ndi mayina, oti munthu azikwera giredi ali pambali pa wodwala. Amene boma lamulipirira maphunziro apadera abwerere kugawo lomwelo kwa zaka zingapo, ndipo pepala lomutumiza linene choncho. Za kasinthasintha ndiye sizifuna n'komwe kudikira Nyumba ya Malamulo. Metironi ndi akuluakulu a chipatala atha kugwirizana mawa lomwe kuti kuwodi ya makanda, ya odwala mwakayakaya ndi kukiliniki ya maganizo kuzitsala anthu angapo osasunthidwa.

Popeza zipatala za m'maboma tsopano zili pansi pa makhonsolo, makhansala, mafumu ndi makomiti a zipatala ali ndi pofunsira. Kawirikawiri mafunso athu amathera pa mankhwala, ambulansi ndi chakudya cha odwala, ndipo ndi mafunso oyenera. Pamsonkhano wotsatira wina adzafunseko kuti mwa anamwino amene anaphunzitsidwa kusamalira makanda zaka ziwiri zapitazo, ndi angati amene akadali kuwodi ya makanda lero, ndipo enawo anapita kuti.